Ana a Dedza ndi Ntcheu kunja: tiponyerane maina a madokumentale

Jere wa ku Kasinje (Germiston): Wawa akuluakulu nonse. Andisinthira shifiti, mwezi uno ndikulondera usiku pa depoti ina ya mathiraki, ndipo wifi ya mu ofesi ikumafika mpaka pageti. Mafilimu a nkhonya ndatopa nawo. Ndikufuna madokumentale, zinthu zoti zinachitikadi. Amene ali ndi maina aponye.

aMaseko (Rustenburg): Mphwanga, usanayambe n'komwe, khutu limodzi ndilo la foni, linalo ndi la bwana. Uchepetsenso kuwala kwa sikirini, mlonda woonera filimu amaonekera patali nkhope ili mbee.

aMaseko (Rustenburg): Tsono yamba ndi Miners Shot Down ya Rehad Desai, inatuluka mu 2014. Ndi nkhani ya ku Marikana, kufupi ndi kuno, pa mgodi wa pulatinamu umene nthawi imeneyo unali wa Lonmin. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera n'kupha anthu 34 amene ankanyanyala ntchito. Ankafuna malipiro afike R12,500 pamwezi, makamaka aja oboola miyala pansi. Kuwomberako tonse tinakuona pa TV. Chimene filimuyi imaonjezera ndi masiku a m'mbuyo mwake. Imakuyendetsa tsiku ndi tsiku, anthu atakhala pakaphiri akupempha chinthu chimodzi, kuti abwana abwere adzakambirane. Pali mnyamata wofunda bulangete lobiriwira, Mgcineni Noki, anzake ankamutcha Mambush, ndiye amayankhulira gulu. Umamuona akuyankhula ndi apolisi, iwe ukudziwa kale kuti Lachinayi dzuwa silimulowera ali moyo. Zithunzi zina ndi zojambula apolisi eniake ndi alonda a kampani. A Ramaphosa alimonso akuyankha mafunso, paja nthawi ya Marikana anali mu bodi ya Lonmin, upulezidenti asanaulowe.

Jere wa ku Kasinje (Germiston): Alonda a kampani alimonso? Ndiye mukundipatsa yoonera anzanga a ntchito, ankolo.

aMaseko (Rustenburg): N'chifukwa chake ndakusankhira iweyo.

Mayi a Tadala (Cape Town): Aaa a Maseko, mwana ali yekha pageti usiku inu mukumupatsa ya maliro? Achimwene a Jere, imeneyo mudzaonere masana Lamulungu. Usiku onerani My Octopus Teacher, ili pa Netflix. Inajambulidwa konkuno ku False Bay, mbali ya ku Simon's Town. Bambo wina, Craig Foster, ankalowa m'madzi ozizira aja tsiku lililonse kukaona kanyama kamiyendo 8 mpaka kanamuzolowera, kumabwera kudzamugwira dzanja. Shaki inakadula mwendo, mwendowo n'kumeranso. Inapata Oscar mu 2021. Ine ndinaonera ndikusita, madamu atapita ku ntchito, malaya amodzi anatsala pang'ono kupsa.

Phiri wa ku Tsangano (Mayfair): Mlamu, munthu wamkulu kumakacheza ndi nsomba chaka chathunthu, ana akudya chiyani kunyumba?

Mayi a Tadala (Cape Town): Si nsomba. Ndipo inuyo mumacheza ndi nkhunda za pa Mayfair, ndani anakufunsani?

aNangozo (Leeds): Ndangoweruka kumene, ndapeza mauthenga ali mbwee. Ine ndili ndi imodzi yokha, koma ndikupempha aliyense pagulu pano aionere, akatha aitumize kumudzi. Dzina lake Trapped in Oman, ya BBC Africa Eye, ya mu 2024. Ili pa YouTube, yaulere, siyitalikanso. Ndi ya atsikana ndi amayi a kwathu ku Malawi amene anatengedwa ndi maejenti kupita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba. Ena anauzidwa kuti akupita ku Dubai, anadzazindikira ndege itatera ku Muscat. Kungofika, pasipoti n'kulandidwa.

aNangozo (Leeds): Chimene ndikufuna mumvetse ndi mmene msamphawo umagwirira, chifukwa kumudzi anthu amangoti "bwanji osangothawa?" Kumayiko a Aluya ambiri chilolezo chokhalira m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana amene wakutenga, amati kafala. Ukachoka pakhomo pake popanda iye kuvomera, iweyo ndiwe wolakwa pamaso pa boma, iye ndiye wodandaula. Ukati ndikufuna kwathu, akuti bweza kaye ndalama zimene ndinalipira ejenti, ndalama zoti mtsikana wa ku Kampepuza sangazipeze ngakhale abale atagulitsa dimba. Mufilimumo muli mavidiyo amene amayiwo ankadzijambula mobisa, akulira, ena ali ndi zipsera. Anawathandiza ndi mayi wina wa Chimalawi wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni, amene anawasonkhanitsa pagulu la WhatsApp ngati lathu lomweli, mpaka nkhani inamveka. Amayi 54 anabwerera kumudzi. Wina anabwerera m'bokosi.

Mayi a Tadala (Cape Town): Mayo ine. Mwana wa achemwali anga ku Bembeke wakhala akundivutitsa kuti ndimuthandize ya pasipoti, akuti pali mayi wina pa Facebook akulemba atsikana a ku Dubai, tikiti yaulere.

aNangozo (Leeds): Asisi, mawu akuti tikiti yaulere ndiwo oyamba kuwaopa. Tikitiyo ndiyo ngongole imene adzamumangire nayo. Musakangane naye, achinyamata ukawaletsa amaona ngati ukuwachitira nsanje poti iwe uli kale kunja. Mungomutumizira filimuyo aonere pamodzi ndi mayi ake. Amayi a mufilimumo akuyankhula Chichewa chathu chomwechi, palibe chofuna womasulira.

Mwale wa ku Lobi (Israel): Zikomo amayi. Ine ndili ku minda kuno, zathu n'zosiyana ndi za ku Oman, koma nkhani ya pasipoti ndi imodzi kulikonse. Bwana akati bweretsa ndikusungire mu sefa, yankha mwaulemu kuti ndisunga ndekha. Ndipo jambulani tsamba la chithunzi, tsamba la viza ndi kontilakiti yonse, mudzitumizire pa imelo, mutumizirenso m'bale mmodzi wodalirika kumudzi. Foni imagwera m'madzi, imelo sigwera.

aMaseko (Rustenburg): Kwa a ku Joni kuno ndionjezere: bwana akakuchotsa ntchito mopanda chilungamo kapena kukana kukulipira, ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, amamva mlandu wako ngakhale mapepala ako asali bwino. Khoti la zantchito linagamula kale zimenezo mu 2008. Ambiri amangosiya ndalama zawo poopa. Koma za kuchotsedwa ntchito uzikadandaula masiku 30 asanathe, ukachedwa zimavuta.

Jere wa ku Kasinje (Germiston): Ndinapempha mafilimu, ndalandira ndi loya yemwe. Pitirizani.

Phiri wa ku Tsangano (Mayfair): Poti ndine wa mafoni, ndinene za data, chifukwa wina aonera zonsezi pa bandulo yake mawa adzatipempha ya sopo. Pa YouTube dinani kagiya kali pakona, musankhe 360p. Pafoni chithunzi chimaoneka bwinobwino, data imapita yochepa kwambiri poyerekeza ndi HD. Mukakhala pa wifi ya ku ntchito kapena ku laibulale, mavidiyo ambiri ali ndi batani la Download pansi pake (m'mayiko ena limagwira kwa olipira okha), mumasunga n'kukaonera ku chipinda. Kungoti zosungidwa choncho zimakhala mkati mwa YouTube momwemo, simungazitumize pa WhatsApp, ndipo foni imafuna kulumikizidwa pa intaneti nthawi ndi nthawi kuti zisafufutike. Netflix nayo ndi chimodzimodzi. Amene Chingerezi cha azungu chimakuthamangirani, dinani CC mawu azilembedwa pansi, muthanso kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75. Palibe manyazi, ine Chingerezi cha ku Scotland ndimachimva ndi maso.

Phiri wa ku Tsangano (Mayfair): China: mawebusaiti aja olonjeza filimu iliyonse ulere, akakuuzani kuti ikani kaye apu yathu, tulukanimo. Mafoni amene amabwera pa shopu pano atadzaza zotsatsa zosatsekeka, ambiri anayambira pamenepo. Ndipo foni yomweyo ndi imene muli apu ya banki ndi yotumizira ndalama kumudzi.

Nachisale wa ku Mtakataka (Durban): Za kwathu palibe? Zonse zikhale za mavuto a kunja? Ine ndinaonera ya mnyamata wa ku Kasungu wopanga magetsi a mphepo uja, pa Netflix.

aNangozo (Leeds): Imene munaonerayo ndi sewero, achemwali, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, muli Chiwetel Ejiofor akuyesetsa Chichewa. Nkhani ndi yoona koma anthuwo ndi ochita zisudzo. Dokumentale yake ndi William and the Windmill ya 2013, mmene muli William Kamkwamba mwiniwake wa ku Wimbe. Ine ndimaikonda kuposa seweroli chifukwa imayambira pamene seweroli lathera. Makina apangidwa kale, azungu amudziwa, tsopano mnyamata akuyenda m'mandege, sukulu za kunja, kwinaku kumudzi aliyense akumuyang'ana kuti athetse mavuto onse. Pali malo ena amangokhala chete, kutopa kukuoneka pankhope. Aliyense pagulu pano amene foni yake imalira pa 25 mwezi uliwonse adzamumvetsa.

Nachisale wa ku Mtakataka (Durban): Yanga imayamba pa 20.

Mwale wa ku Lobi (Israel): Kwa alimi anzanga, The Ants and the Grasshopper ya 2021. Mayi Anita Chitaya a ku Bwabwa, kufupi ndi Ekwendeni, amapita ku America kukauza alimi a kumeneko kuti mvula kwathu yasokonekera ndipo utsi wa mayiko awo uli ndi gawo pamenepo. Ena amawalandira bwino koma n'kuwauza m'maso muli gwa kuti nyengo sikusintha. Mayiwo sakalipa, amangofunsa mafunso. Chinandisangalatsa ine ndi mbali ya kumudzi, mmene amabzalira nandolo ndi mbewu zina pamodzi ndi chimanga kuti nthaka ibwerere, ndi mmene amalimbanirana ndi azibambo kuti nawonso azithandiza kuphika ndi kutunga madzi.

Phiri wa ku Tsangano (Mayfair): Kuno tonse timaphika tokha, tikangodutsa pa boda ya Dedza manja amaiwala.

Mayi a Tadala (Cape Town): Mwanena nokha mlamu, ndasunga uthengawu.

Nachisale wa ku Mtakataka (Durban): Ine poti ndine wa kunyanja ndiponyeko Planet Earth ya BBC, ya 2006, gawo la madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja. Muli Nyanja ya Malawi, mbuna zathu zija pansi pa madzi, ndi nkhungu zikutuluka m'nyanja ngati utsi wa moto wolusa. Ndinaonetsa anzanga a ku ntchito, anasiya kundifunsa ngati kwathu kuli madzi.

aMaseko (Rustenburg): Zonsezi n'zabwino, koma pali filimu imene ine ndimaifuna, ya madala athu a Wenela ndi Theba. Ntcheu ndi Dedza anatumiza amuna ambirimbiri ku migodi ya golide kuno. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown itanyamula anthu obwerera kumudzi, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a ku migodi. Amene anatsika pansi nthawi imeneyo alipobe m'midzimu, koma akutha. Malume anga ku Lizulu akayamba kufotokoza za ku komponi, za Fanakalo, chiyankhulo cha ku migodi chija, za mmene ankawayezera pachifuwa asanawalembe, za sutikesi yachitsulo ndi njinga imene anabwera nayo, ana amangoseka n'kumapita. Mafoni tili nawo a makamera abwino kuposa amene anajambulira zinthu zambiri zakale. Amene akupita Disembala akhazike mkulu mmodzi pakhonde, foni aitsamiritse pa mpando, afunse funso limodzi n'kukhala chete.

Phiri wa ku Tsangano (Mayfair): Mukatero foni muigoneke chopingasa, osati choimirira, ndipo mukhale pafupi ndi mkuluyo, pamalo opanda mphepo. Chithunzi chikaipa anthu amapirira, mawu akaipa amatseka. Ku Tsangano mphepo yake mukuidziwa, lowani m'nyumba mutsegule chitseko kuti kuwala kulowe.

Jere wa ku Kasinje (Germiston): Agogo anga aamuna anapitako kawiri ku Theba. Sindinawafunsepo kanthu, ndimangodziwa chipewa chawo cha mgodi chimene amasungiramo mbewu ya maungu.

aMaseko (Rustenburg): Uyambire pa chipewacho.

Mayi a Tadala (Cape Town): A Phiri, ya ku Oman ija kumudzi aionera bwanji? Ku Bembeke netiweki imavuta, ndipo bandulo ndikatumiza imathera pa TikTok.

Phiri wa ku Tsangano (Mayfair): Tumizani linki kwa mwanayo, mumuuze apite nayo pa Dedza boma kwa anyamata obena nyimbo aja, ali ndi intaneti yabwino, amuonetsa pa kompyuta. Apite ndi mayi ake monga anenera a Nangozo. Ndalama ya minibasi ndi ya anyamatawo mutumize kwa mayi akewo, osati kwa iye.

aNangozo (Leeds): Linki ndaiponya pamwambapa. Asisi, akaonera mundiuze, ngati akufunabe za kunja ndiyankhula naye ndekha Loweruka, ndili pa ofu.

Jere wa ku Kasinje (Germiston): Thiraki yafika pageti, ndibwera. Ndayamba ndi ya kanyama kamiyendo 8, a Maseko musakwiye.