Chopindira mlomo wa sikerepa ndigwiritse chani? Sikuludiraiva yandikanika

Kaboyi_wa_Kalingalinga:
Muli bwanji akuluakulu nonse. Ine ndikuphunzira ukalipentala kuno ku Kalingalinga, chaka chachiwiri manje. Ndili ndi tebulo ya mukwa ya kasitomala, matabwa ndinagula ku Buseko koma limodzi lili ndi mizere yopingasana moti pulena ikungozula zidutswa, ndiye abwana anati tenga sikerepa, kachitsulo kopalira matabwa. Ndadula sowo yakale nkupanga kachitsulo ka makona anayi kaja, ndasalaza ndi tupa, koma popinda mlomo, kakuthwa ka m'mphepete kamene kamapala thabwa, ndikugwiritsa sikuludiraiva ndipo ndikamapala pakungotuluka utuchi chabe, sikuludiraiva yakenso yakandikakandika yonse. Pa YouTube ndaona banisha, chitsulo chopindira mlomowo, ya Veritas ndi ya Crown koma mu taoni ndazungulira mpaka ku Kamwala palibe akuidziwa, wina anafuna kundigulitsa chonolera mipeni ya kukhichini kkkk. Ndiitanitse kunja kapena pali china?

MdalaWaMatabwa:
Mwana wanga ndalama yako sunga. Kukandika kwa sikuludiraivako ndiye yankho lako, ndiye kuti sikerepa ndi yolimba kuposa chomwe ukuipindira. Chitsulo cha sowo kulimba kwake kumakhala cha mma 50 pa muyeso wa Rockwell, banisha imafunika 60 kupita mtsogolo, masikuludiraiva ambiri amangolimbitsako kunsonga ndipo kuwala kuja ndi kromu chabe amene amasupuka ukakanikiza. Chija chamipeni usachiyese nkomwe, chili ndi timizere, chimadya mlomo mmalo moupinda.

Ine kuyambira kale ndimagwiritsa vavu ya injini, mwendo wake uja wowongoka, ndinaukhomera mu kachigwiriro ka mukwa. Ukapeza chitsulo chilichonse yamba wachiyesa ndi tupa, ikatsetsereka osaluma ndiye chabwino, ikaluma taya. Kenako chipukute ndi sandipepa yosalala kwambiri mpaka uzidziona nkhope, chifukwa kachibowo kalikonse kali pa banisha kamakadindika pa mlomo wa sikerepa kenako pa tebulo ya kasitomala wako.

Makanika_Chawama:
Ba mdala anena zoona koma ine ndingati gajoni pini, kachitsulo kaja kolumikiza pisitoni ndi kondirodi. Ndi kolimba kunja ndipo kamatuluka mu injini katasalala kale, vuto lake ndi kakafupi ndiye zala zimakhala pafupi ndi mlomo wakuthwawo, lowetsa kamtengo pabowo lake ukhale ndi pogwira. Vavu usatenge ya ekizosi yopsa ija, tenga ya inileti. Kugaraji izi timangotaya mu sikirapu, bwera ndi ka Fanta ndikupatsa ziwiri 😂

Amake_Dalitso:
Ine ndisiyaneko pang'ono ndi azibambowa. Ndimapanga makabati ku Garden ndipo anyamata onse amene ndaphunzitsa amathamangira kunamizira banisha pomwe vuto lili pa kukonza mphepete. Iwe wati wasalaza ndi tupa, basi?? Tupa imasiya timano tating'onoting'ono, ukapinda pamenepo mlomo umatuluka wothyokathyoka, ngakhale ugule banisha ya carbide, chitsulo cholimba zedi chija, ya madola udzapalabe utuchi. Mangirira sikerepa mu vaisi, tupa ipite yowongoka madigiri 90, kenako pamwala wonolera, mphepete komanso mbali zonse ziwiri mpaka chala chisamve kanthu kokoka. Ukatero igoneke pa benchi, dontheza ka oyilo, pititsa banisha chogona kangapo kuti chitsulo chikokeke, ndiye uibweze mu vaisi upinde. Kupendeka kwake pang'ono chabe, madigiri 5 mpaka 10, katatu kapena kanayi ndi mphamvu ngati ukupaka batala pa buledi. Anyamata amakanikiza ngati akupha njoka, mlomo umapindika mopitirira nkudzitsekera wokha ndiye suluma thabwa.

Carbide ndili nayo, kabiti kothyoka ka rauta, makina ogobera matabwa aja, ka carbide yokhayokha, imapinda msanga zedi koma kwa wophunzira ndiyo imapitiriza mlomo mosavuta. Zamabiti a dirilo samala, ambiri kumbuyo kogwira chaki amakusiya kofewa dala.

MdalaWaMatabwa:
Mayi mwalasa, za mwala ndinaiwala. Koma sikuludiraiva ija aiponyebe mu bokosi.

Kaboyi_wa_Kalingalinga:
Zikomo kwambiri nonse. Ba Makanika Fanta yanu ndinakagulira makanika wina wapafupi kuno pa Alick Nkhata mundikhululukire, wandipatsa vavu. Ndapita pamwala monga ananenera amayi, ulendo woyamba ndinakanikizabe kwambiri ndinachita kuyambiranso, wachiwiri zatuluka timakungwa topyapyala topiringizika, thabwa lovuta lija lasalala osazuka. Chabe kachitsuloka kamatentha eeh, zala zazikulu zonse ziwiri zatupa matuza, inu mumapirira bwanji?

Amake_Dalitso:
Mata maginito apafuliji aja pakati pomwe umaika zala, ndipo pinda mphepete zonse zinayi uzisinthasintha ikatentha.