Funso: Tingapange bwanji bala ndi dzanja lodulidwa zooneka ngati zenizeni mufilimu?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munagwirapo ntchito yokonza osewera m'mafilimu, ndikupempha nzeru. Gulu lathu likukonzekera kujambula filimu yaifupi yoopsa, ndipo tikufuna bala la chikwanje pamkono wa wosewera komanso dzanja lodulidwa limene kamera idzaliyandikira kwambiri. Magazi amene tinapanga ndi madzi ndi utoto wofiira akuoneka ngati Sobo, pamene bala la jelatini (ufa wopangira jeli) likusungunuka wosewera akangotuluka thukuta. Silikoni, imene akatswiri amapangira khungu longopeka, sitingaikwanitse chifukwa ndi yodula, choncho tikufuna njira yotheka ndi zinthu zosavuta kupeza.

Yankho loyamba: Achimwene, vuto la magazi anu ndi kupyapyala. Dick Smith, katswiri amene anakonza nkhope za osewera mufilimu ya The Exorcist ya 1973, ankapanga magazi ndi manyuchi a chimanga ndi utoto wa m'zakudya, ndipo golden syrup imagwiranso ntchito yomweyo. Thiranimo utoto wofiira, kadontho ka wabuluu ndi ufa wa koko pang'ono, pakuti magazi akakhalitsa pamphepo amadera. Muwayese pakhungu la wosewerayo ndi kuwaona pa kamera pomwe, chifukwa mtundu umene ukukhutiritsa diso umasintha ndi kuwala. Ntchentche ndi nyerere zokha muzikonzekere.

Yankho lachiwiri: Jelatini musiyeni nyengo yotenthayi. Bala limangeni ndi latex yamadzi (mphira wamadzimadzi) ndi thonje, mosanjikiza pang'onopang'ono, kenaka muling'ambe pakati likauma, koma muyambe mwapaka kadontho pamkono ndi kudikira, popeza ena latex imawatulutsa zidzolo, ndipo tsitsi la pamkono limakakamira ngati simunalimete. Za dzanja, funani alginate, ufa umene madokotala a mano amatengera chikombole cha m'kamwa. Usakanizeni ndi madzi ozizira kuti usaume msanga, wosewera aviikemo dzanja mpaka ulimbe, ndipo akalitulutsa muthiremo plaster of Paris (ufa woyera umene umalimba ukasakanizidwa ndi madzi) nthawi yomweyo, chifukwa chikombolecho chimanyala chikataya madzi. Chonde dzanja la munthu lisalowe mu plaster mwenimwenimo: imatentha pouma ndipo imatha kuwotcha munthu koopsa ali wosatha kudzichotsa. Popenta, pitani ndi utoto wopyapyala kangapo, chikhatho chikhale choyererako kuposa kumbuyo kwa dzanja, ndipo podulidwapo paoneke mafupa awiri, osati limodzi, ngati mwadulira kumtunda kwa mfundo ya dzanja. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo namwino aliyense woonera amaseka.

Yankho lachitatu: Ine nkhawa yanga ili pa kayendedwe ka zinthuzi zikatha kupangidwa. Mukukumbukira kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, ndipo nkhani za ziwalo za anthu zikadali zowawa m'mitima ya ambiri. Dzanja likaoneka lenileni monga mukufunira, musalinyamule m'minibasi pamodzi ndi botolo la magazi. Kadziwitseni apolisi ndi amfumu a dera limene mukajambuleko, muwaonetse zipangizozo masana, ndipo mutenge kalata yawo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Kwa amfumu tipita sabata ino tisanagule chilichonse. Funso latsala ndi la zovala: kodi utoto wa m'zakudyawu umachoka pa malaya oyera, kapena tigule malaya angapo ofanana pakaunjika?