Za tayala lodzuka lija pa Phiri la Zomba

Ndinafunsa chifukwa chake tayala lakutsogolo limadzuka ndikamakwera njira yamiyala yopita ku Chingwe's Hole, njinga yamoto n'kumakananso kukhota m'matope. Achimwene amene munati ndiyang'ane katundu, munalasa. Masipanala ndi chigubu cha petulo zinali kumbuyo, pamwamba, chonsecho malita 5 okha amalemera pafupifupi makilogalamu 4. Ndazitsitsa n'kuzisendezera pakati. Makaniko wamanganso sipuling'i yakumbuyo kuti ndikakhalapo izitsika pafupifupi mamilimita 100.

Pokwera ndikumaimirira, chifuwa pafupi ndi mahandulo, ndipo tayala likugwira ndithu, ngakhale pa masamba a paini oterera aja. Potsetsereka pokha mpamene pakundivutabe: kulemera konse kukuthamangira kutsogolo ndikangogwira buleki. Odziwa, ndithandizeninso pamenepa.