Chinyama chalowa m'khola usiku, nkhuku yovulala ndiisamale bwanji?

Nabanda wa ku Rosettenville:
Abale anga a kuno ku Joni, ndigawireniko nzeru. Kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi ndimawetako nkhuku za Koekoek, mathadzi asanu ndi tambala mmodzi. Usiku wathawu chinyama chalowa m'khola. Awiri afa, onse alumidwa pakhosi, wina mutu palibe koma thupi lonse chalisiya. Thadzi wachitatu ali ndi bala pamsana pafupi ndi phiko, khungu lang'ambika mpaka mnofu ukuoneka. Akuima ndithu, koma sakudya, wangotsinzina. Chitseko ndachipeza chotseka, kungoti pakona ya denga pali mpata woti dzanja langa limalowa. Mazira a nkhukuzi ndi amene ana amadya popita kusukulu, ndiye mtima ukundiwawa kwambiri. Wovulalayu achira? Nanga m'tauni muno ndi chinyama chanji chingachite zotere?

Aphiri a ku Honeydew:
Pepani kwambiri mayi. Ine ndimagwira ntchito ya m'munda kuno, ndipo nkhuku za abwana ndimasamala ndine. Mmene mwafotokozeramo, ndikukayikira kanyama kamene kuno amati genet. Kamafanana ndi mphaka, kamawangamawanga, mchira wautali wamizeremizere. Kamayenda usiku, kamakwera mtengo ndi denga, ndipo pamene mutu wake walowa thupi lonse limalowanso. Akanakhala galu mukanapeza waya wothyoka ndi nthenga mbwee pabwalo ponse. Nyenga ndi kabawi zimabwera masana.

Za wovulalayo, muchotseni kaye pakati pa anzake. Muikeni m'katoni, pansi muyale nsalu yoyera, pamalo amdima, ofunda, opanda phokoso la ana. Nkhuku ikadzidzimuka chonchi imatha kufa ndi mantha okha ngakhale bala lili laling'ono. Musamukakamize kudya lero, chofunika ndi madzi. Sungunulani shuga pang'ono m'madzi, muviike nsonga ya mlomo wake kuti amwe yekha. Osamuthira kukhosi, madzi angalowe m'mapapo.

Bala mutsuke ndi madzi owiritsa, ozizira, othira mchere, tiyisipuni imodzi pa theka la lita. Metani nthenga za m'mbali mwake ndi sizasi. Kenako pakani Betadine, mankhwala otsukira zilonda, wosungunula ndi madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka, m'mawa ndi madzulo. Ndipo chonde fufuzani pansi pa mapiko ndi pamimba. Bala lalikulu looneka lija kawirikawiri limapola bwinobwino, khungu la nkhuku limabwerera msanga. Zoopsa ndi timabowo ta mano tobisika m'nthenga, timatseka pamwamba mkati mukuola. Mukamva fungo, kapena akamapuma mwaphokoso, pitani naye ku SPCA ya ku Booysens, bungwe losamalira nyama, kwa inu si kutali. Akakupatsani mankhwala akumwa, mufunse kuti mazira ake mudzayambe kudya liti.

Mayi a Chisomo, Cosmo City:
Achemwali, Aphiri anena zoona. Ine ndingowonjezera za ntchentche, poti tili m'nyengo ya mvula ndi kutentha. Zikatera pabala zimaikira mazira, tsiku limodzi lokha mphutsi zayamba kale. Katoniyo muphimbe ndi neti yakale ya udzudzu kapena katani yopyapyala. Bala likayamba kuuma mupake jivi, uja timapaka ana pazilonda kumudzi. Amabisa kufiira kwa magazi, chifukwa nkhuku zikaona pofiira zimajompha mnzawo mpaka kumupha. Musamubweze m'khola nkhanambo isanagwe. Akayamba kufuna chakudya, dzira lowiritsa lonyenyanyenya ndi gaga wonyowetsa zimamupatsa mphamvu. Otsalawo akasiya kuikira kwa sabata kapena kuposa musadabwe, ndi mantha chabe, adzayambiranso.

Mjomba wa ku Turffontein:
Amayi, chinyamacho chalawa, chibweranso usiku uno. Tengani nkhuku yakufayo muthiremo mankhwala aja amagulitsa pamsewu a makoswe, muisiye pakhola. Mawa muchipeza chili gada.

Aphiri a ku Honeydew:
Achimwene, ayi, zimenezo musawaphunzitse mayiwa. Kuti chibweranso ndikuvomera, koma mankhwala a m'timapepala amenewo ndi oopsa ngati temeki wa kwathu uja. Mu 2024 ku Naledi, Soweto, ana 6 anamwalira ndi poizoni wa terbufos, yemwe anthu amagula pamsewu kuti aphere makoswe. Pabwalo la lendi pamasewera ana a mabanja angapo, palinso agalu ndi amphaka a eni nyumba. Ndipo mukapha kamodzi, kena kabwera, malinga mpata uja ulipo.

Mayi, konzani khola. Waya wa nkhuku wamabowo aakulu uja amangoletsa nkhuku kutuluka, chilombo samachiletsa. Gulani waya wowotcherera wamabowo a 13 mm ku hadiweya, mukhome paliponse pamene pali mpata, makamaka pamene denga lakumana ndi khoma. M'munsi mukwirire wayayo masentimita 30 chifukwa cha agalu ndi makoswe okumba. Chakudya chotsala muzichotsa madzulo, ndicho chimaitana makoswe, makoswewo n'kuitana genet. Zakufazo musadye, mukwirire mozama. Mukadzachiona chinyamacho musachigwire ndi manja, ndipo chikakulumani tsukani ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Nabanda wa ku Rosettenville:
Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Aphiri, ndafufuza monga munanenera, ndapezadi timabowo tiwiri pansi pa phiko lamanzere, ndatsuka ndi kupaka. Madzi wamwako pang'ono. Waya tigula Loweruka bambo akalandira, ndiye mpaka tsikulo otsalawo azigona m'makatoni kukhitchini. Mayi a Chisomo, jiviyo kuno amapezeka ku famase wamba, kapena mpaka kwa a ziweto?