Magemu a VR kwa wovulala msana amene akudzandira: tiyambire pati?

Funso: Akuluakulu a mafizo, thandizeni maganizo. Wodwala anavulala mtsempha wa msana pa T10 (chapakati pa msana), sunaduke wonse, ali pa ASIA D (gulu la ovulala msana amene minofu yambiri ya m'munsi mwa povulalapo idakali ndi mphamvu). Amaima atagwirira koma akangosiya amapendekeka. Tiyambe ndi zovala kumaso za VR (zoonetsa gemu ngati uli m'kati mwake) monga Meta Quest, kapena magemu a pa TV?

Yankho 1: Yambani ndi a pa TV. Munthu ameneyu mapazi ake samuuza bwino pomwe aponda, ndiye amadalira maso. Mukamuphimba maso ndi chida chija mwamulanda ndodo yake, kenaka chizungulire ndi nseru zimabwera. Wii Balance Board (bolodi la magemu a pa TV loimapo) ndi yakale koma imagwirabe ntchito: ili ndi masensa anayi m'makona, ndipo imaonetsa pa TV mwendo womwe akuulemetsa. Iikeni pakati pa zitsulo zogwirira, mumumange lamba m'chiuno, wina aime kumbuyo kwake. Mphindi 20, katatu pa sabata, kwa masabata 6. Ayambe ndi kusuntha thupi kumanja ndi kumanzere, za kutsogolo ndi kumbuyo zibwere pambuyo. Musanayambe muyeseni ndi Berg Balance Scale, sikelo yoyezera kukhazikika kwa thupi ya zochita 14 ndi mapointi 56, mudzamuyesenso pomaliza. Mapointi a mu gemu asakupusitseni, amakwera chifukwa munthu waizolowera gemuyo basi.

Yankho 2: Zoona. Komanso muziyang'ana wodwalayo, osati TV. Ambiri amabera: amakankha ndi manja pa zitsulo, kapena kulimbitsa bondo mpaka kubwerera kumbuyo, gemu n'kumawayamikira. Achepetse kugwirira pang'onopang'ono, manja onse, dzanja limodzi, kenaka zala zokha. Ena amakhazika odwala pa bolodi lija kuti aphunzire kukhala tsonga. Ndi louma, ndipo amene samva kumatako angatuluke chilonda osadziwa. Yalani kansalu kofewa, azipumitsa matako mphindi 15 zilizonse, mukatha muone khungu.

Yankho 3: Muyeseni BP atakhala komanso ataima, poti ena imatsika akangodzuka ndipo anthu amanamizira gemu. Palinso vuto lina lomwe wanuyo wa T10 silimukhudza kwenikweni: wovulala pa T6 (pamwamba pang'ono pa T10) kapena pamwamba pake akayamba mutu waukulu ndi thukuta kumaso, siyani pomwepo. Mukhazikeni tsonga, masulani lamba ndi zovala zothina, muone ngati paipi ya mkodzo yapindika. Imeneyo ndi autonomic dysreflexia, BP imakwera mwadzidzidzi. Chovala kumaso chija chidikire mpaka aziima yekha osagwirira, ndipo tsiku loyamba achivale atakhala pampando, mphindi 5 zokha.