Laibulale ikapita kwa wabizinesi, ana athu aziwerengera kuti?

Abale anga apagulu pano, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga wamkazi alemba mayeso a O Level a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zimbabwe, mu Novembala. Amawerengera ku laibulale ya kudera kwathu kuno ku Harare, poti kunyumba tapanikizana m'zipinda ziwiri ndipo usiku magetsi ngosadalirika. Ndiye kwabuka mphekesera yoti nyumba ya laibulaleyo aibwereketsa kwa wabizinesi, aikemo makompyuta ndi WiFi, wolowa azilipira pa ola. Makolo anzanga akuyendetsa kalata yokana. Ine mtima uli pawiri, chifukwa mabuku ali m'menemo ndi a kalekale, ena masamba anathothoka, akungogwira ndi selotepi. Ndisaine kodi?

Mphunzitsi wopuma: Mayi, musasaine musanaone chimene chalembedwa pa mgwirizanowo, ngati ulipodi. Kulipira pakokha sikoipa ayi. Harare City Library ya pa Rotten Row ija, yomwe inayamba mu 1902 ili Queen Victoria Memorial Library, siyendetsedwa ndi khonsolo. Ili ndi komiti yakeyake ndipo obwereka mabuku amalipira umembala. Itafika pothetheka, dziko la Sweden ndi lomwe linathandiza kuikonza. Koma kumeneko ndalama imabwerera ku laibulale komweko, pamene wabizinesi amafuna phindu, ndipo tebulo la mwana wongowerenga buku silimubweretsera kanthu. Mufunse kuti abwereka zaka zingati, mabuku apita kuti, ndipo ana a yunifomu azilowa bwanji.

Mnyamata wa ku Mbare: Amayi, masiku ano zonse zili pafoni. Mapepala a mayeso akale timatumizirana pa WhatsApp. Laibulale ndi zachikale izo.

Wofunsa: Mwanawe, foni m'nyumba muno ndi imodzi, bambo ake amachoka nayo m'mamawa. Nanga bandulo azigula ndani? Komanso foni sipereka mpando ndi bata.

Mayi wa ku Mufakose: Achemwali, kalata yongoti "takana" amangoiika m'dirowa. Lembani zimene mukufuna: chipinda chimodzi chikhale chaulere kwa ana asukulu, cha makompyutacho azilipiritsa. Mukatero mupite nayo kwa khansala wa wodi yanu muli gulu, osati nokha.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, nanunso achemwali. Loweruka tikumana makolo, ndikanena zimenezi. Alipo pano amene analembapo kalata yotere anditumizire ku inbox?