Pemphero la pa formatura lautsa nkhani, tipange bwanji makolega?

Pedagójiko, Angónia:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Pasukulu pathu ana akafola mmawa pa formatura timaimba nyimbo ya fuko, Pátria Amada, kenako mphunzitsi wa pa sabata imeneyo amatsogolera pemphero, zakhala choncho kuyambira kale palibe anadandaulapo. Ndiye pano abwera bambo ena achisilamu akuti mwana wawo asamakakamizidwe kupemphera za mpingo wa eni, iwo anamutumiza kudzaphunzira osati ku tchalitchi. Makolo ena atamva akwiya akuti mukachotsa pemphero ana alowerera. A direkitala andisiyira ine, wachiwiri wawo woona za maphunziro, kuti ndikonze za msonkhano wa Conselho de Escola Loweruka. Ife timanena kuti amene sakufuna asatseke maso basi, kodi sizokwanira zimenezo?

Profesora wa 6ª classe, Tsangano:
Koma abale pemphero lalakwa chani. Ambirife makolo athu anaphunzira ku mishoni, Lifidzi, Fonte Boa uko, amayamba tsiku ndi pemphero ndipo anakula ndi mwambo. Munthu mmodzi asinthitse sukulu yonse?

Direkitala, Macanga:
Amayi ndikukumvani, inenso ndine mkulu wa mpingo kwathu kuno, koma zija zinali sukulu za mishoni. Boma linatenga masukulu pa 24 Julaye 1975 nthawi ya a Samora Machel ndipo yathuyi ndi ya boma. Tsegulani Constituição ya 2004, lamulo lalikulu la dziko la Mozambique. Artigo 12 ikuti dziko lathu si la chipembedzo chilichonse, boma padera mipingo padera. Artigo 113 ikunena mosabisa kuti maphunziro a boma sakhala a chipembedzo. Ndiye artigo 54 ndiyo imene ingakuthandizeni kwambiri a pedagójiko chifukwa ikudula mbali zonse ziwiri, munthu ali ndi ufulu wotsatira chipembedzo komanso wosatsatira, ndipo asasalidwe kapena kukonderedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake. Bambo achisilamuwo lamulo lili kumbuyo kwawo, koma mwana amene akufuna kupemphera naye simungamuletse.

Mphunzitsi wa História, Moatize:
Zoti asatseke maso zija ndiye zimene sizikugwira a pedagójiko. Taganizani kamwana ka zaka 9 kaima pamzere, kutsogolo kuli mphunzitsi amene amakapatsa manota ndipo ndi yemweyo adzanene ngati kakhoza kapena kabwereza kalasi, akuti tiyeni tipemphere, anzake onse aweramitsa mitu, kangayerekeze kuyang'ana kumwamba? Sikangayerekeze, ndipo kakatero anzake akaseka mpaka kunyumba. Ife akuluakulu timati mwakufuna kwake koma kwa mwana mawu a aphunzitsi ndi lamulo. Ku Amerika nkhani yomweyi inafika ku khothi lalikulu mu 1962, mlandu wa Engel v. Vitale, akuluakulu a maphunziro ku New York analemba kapemphero kakafupi koti ana azinena mmawa, amene sakufuna amaloledwa kukhala chete kapena kutuluka, koma khothi linakanabe chifukwa ndi boma limene limapempheretsa. Malamulo awo si athu ayi, ndangobweretsa chifukwa funso lake ndi lomwelo.

Profesora wa 6ª classe, Tsangano:
Ndiye kuti ine ndikalowa pageti chikhristu changa ndizichisiya panja?

Mphunzitsi wa História, Moatize:
Ayi amayi, pempherani ndithu musanayambe ntchito, pa chakudya, mu sala ya aphunzitsi, palibe angakuletseni. Chovuta nchoti muimike turma yonse inu nkumatsogolera. Ndipo tisamangoona asilamu okha, kwa a pedagójiko ku Angónia kuli mabanja a gule wamkulu amene sapita ku tchalitchi, kuli a Mboni amene sapemphera limodzi ndi mipingo ina, ngakhale akatolika ndi a Reformada sapemphera mofanana. Angokhala chete chifukwa sakufuna kukangana ndi sukulu.

Direkitala, Macanga:
Loweruka musakayambe ndi mawu oti tikuchotsa pemphero, mukathamangitsidwa. Kayambeni ndi kuwerenga artigo 54 mu Chichewa kuti aliyense amve, amfumu ndi atsogoleri a mipingo akhalepo ndi a shehe omwe. Kenako muike ganizo ili: pa formatura nyimbo ya fuko ndi zidziwitso basi. Ana ofuna kupemphera apatsidwe sala imodzi belu lisanalire kapena pa intervalo, azitsogolera okha, mphunzitsi azingoyang'anira chitetezo ali pakhomo. Osalemba mayina a amene abwera, osapereka nota ya khalidwe potengera zimenezo. Ndipo gulu lililonse likapempha sala lipatsidwe mofanana, osati ena inde ena ayi. Zonse zilowe mu acta, kopi ipite kwa kordinadori wa ZIP (gulu la masukulu oyandikana) ndi ku SDEJT (ofesi ya maphunziro ya pa distrito) kuti mawa asadzati munapanga nokha.

Profesora wa 6ª classe, Tsangano:
Mtima wanga sunavomere kwenikweni koma za sala zo ndagwirizana nazo. Chonde ana ang'onoang'ono a 1ª ndi 2ª kholo lizivomera kaye, asamangokokedwa ndi anzawo.

Pedagójiko, Angónia:
Zikomo kwambiri akuluakulu, za kholozo ndawonjezera. Sala ya 7ª imakhala yopanda anthu mpaka belu loyamba ndiye tigwiritsa imeneyo. A Direkitala a ku Macanga nditumizireni chithunzi cha ma artigo atatuwo pa WhatsApp ndiwamasulire usiku uno, mawa ndikaonane kaye ndi bambo aja tisanafike ku msonkhano.